Tsamba Lomwe Ndinatayipa Kawiri

Zaka zoyamba, ku Neno

Ana anga, za ubwana wanga mumazidziwa kale, ndiye ndingoyambira pomwe ndinalandira kalata yondilemba ntchito ya ukalaliki m'boma. Ananditumiza konkuno kwathu ku Neno, nthawi imeneyo isanakhale boma payokha. Ofesi yathu inali ya zipinda ziwiri, denga lake lodontha. Mvula ikangoyamba msewu unkafa, moti kalata yochokera kumzinda inkatha masabata isanatipeze. Bwana wanga woyamba anali a Kamwendo, munthu wamfupi, wosaseka wamba. Ndiwo anandiphunzitsa kutayipa pa makina akale amene zilembo zina zinkakanirira mpaka uzikoke ndi chala. Ndikalakwitsa ankangondibwezera pepala osanena mawu. Riboni ikatha tinkaibweza m'mbuyo kawiri katatu mpaka zilembo kumatuwa ngati phulusa. Pepala la kaboni, lija timaika pakati kuti kalata ituluke pawiri, tinkaligwiritsa ntchito mpaka kubowoka.

Pa ofesi imeneyo ndi pomwe ndinadziwana ndi aphunzitsi a Yohane, omwe anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ku Dambe. Sukulu yawo inalibe makina, ndiye mwezi uliwonse ankatsetsereka mapiri aja pa njinga kudzandipempha kuti ndiwatayipire makalata. Sankabwera chimanjamanja. Pakaliyala ankamangapo kathumba ka mbatatesi, nthawi zina manachesi. Ankanditcha mphwanga ngakhale panalibe chibale. Ulendo wina a Kamwendo atandituma ku Dambe nthawi yozizira, ndinafikira kwawo. Akazi awo a Nangozo anandipatsa bulangeti lawo lomwe, ndipo m'mawa ananditenthetsera madzi osamba, kumsana ali ndi khanda lawo loyamba, Esitere. Kuyambira pamenepo a Nangozo ankanditcha alamu.

Zaka zisanu ndi ziwiri ku ofesi ya mtsogoleri

Nditakhoza mayeso a kutayipa, anandisamutsira kulikulu, ku ofesi ya mtsogoleri wa dziko. Kumudzi anthu anavina, ndipo mayi anu anagula nsalu yatsopano ya ulendo. Tsiku loyamba anandilumbiritsa, Baibulo lili m'manja, kuti zomwe ndione kapena kumva kumeneko ndidzapita nazo kumanda.

Ntchito yanga inali buku la tsiku ndi tsiku la mtsogoleri. Bwana wathu, amene ndingowatcha a Mlembi chifukwa ana awo alipo, ankakhala pakhomo la chipinda cha mtsogoleri ndi timapepala. Ankalemba nthawi yomwe mtsogoleri walowa mu ofesi, munthu amene waonana naye, mphindi zomwe akhala, makalata omwe wasayina, komwe wapita ndi nthawi yomwe wabwerera. Masana timapepalato tinkafika pa tebulo langa, ine n'kutayipa tsamba limodzi la tsikulo, m'Chingerezi. Tsamba lapamwamba linkalowa m'buku la chikuto chakuda, la kaboni m'kabati yachitsulo. Kumeneko riboni sinkasowa ayi. Mapepala anali oyera mbee, makina atsopano, tiyi wa mkaka kawiri pa tsiku. Koma munthu unkatafuna kaye mawu usanapereke ngakhale moni. Tikamva nsapato zambiri m'khonde tinkaimirira, maso pansi, mpaka zidutse. Pa zaka zonsezo mtsogoleriyo ndinamuona pafupi katatu kokha. Mayi wina amene tinkatayipa naye chipinda chimodzi anaiwala mawu amodzi pa mayina aulemu a mtsogoleri. Lolemba lotsatira mpando wake unali wopanda munthu. Kapu yake ya tiyi inakhala pawindo mwezi wathunthu, palibe anaigwira, palibenso anafunsa.

Lachitatu lina la mwezi wa Juni

M'chaka changa chachinayi kumeneko, m'mawa wina ndikupita kukatenga mapepala, ndinaona munthu atakhala yekha pa benchi la alendo m'khonde, atavala jekete yakuda, chipewa chili pa bondo. Anali aphunzitsi a Yohane. Atandiona anaimirira n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mphwanga Sitefano! Wanenepatu iwe. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, aphunzitsi. Kodi mwadzatani kuno?" ndinafunsa motsitsa mawu, ndikuyang'ana mlonda amene anali pakhomo.

Anandiuza kuti analembera kalata mtsogoleri mwiniwake. Ku Dambe achinyamata a chipani ankaima panjira ya kuchipatala n'kumabweza aliyense wopanda khadi la chipanicho. Mayi wina woyembekezera anamubweza, anachirira m'tchire, ndipo mwanayo sanakhale moyo. Mayiyo anali mlongo wake wa mwana wa sukulu yawo. Patapita masabata angapo kunafika uthenga woti mtsogoleri akufuna kumva nkhaniyo pakamwa pawo.

"Iwowo sakudziwa zimenezi, mphwanga. Anthu amawabisira. Akangomva, zitha."

Ine ndinali nditatayipa masamba okwanira kudziwa kuti munthu wamba akaitanidwa chonchi sizitha bwino. Ndinafuna kuwauza kuti atuluke, akwere basi, asayang'anenso m'mbuyo. Koma akanatuluka bwanji, pa geti atalembetsa kale dzina? Ndinangoti, "Mulankhule mofatsa, aphunzitsi."

Anaseka. "Ukalembera kumudzi usavutike kunena za ine, ndikhala nditafika kale. A Nangozo ndawauza kuti Loweruka ndili pakhomo. Tirigu wanga akudikira ine."

Masana timapepala ta a Mlembi tinafika monga mwa masiku onse. Kachitatu kanali ndi dzina lawo lonse, sukulu yawo ndi dera. Analowa nthawi itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane teni koloko. Anakhalamo mphindi khumi ndi ziwiri. Pansi pake a Mlembi analemba kuti watuluka ndi apolisi awiri. Ndinatayipa momwemo, n'kuika tsamba m'buku ndi kaboni m'kabati. Popita kunyumba ndinadutsa pa benchi paja. Chipewa chawo chinali pansi pake.

M'mawa mwake a Mlembi anandiitana n'kutseka chitseko. Buku linali lotsegula pa tebulo lawo.

"A Sitefano, tsamba ladzulo lili ndi cholakwika."

"Pati, bwana?"

Anaika chala pa dzina la a Yohane. "Munthu uyu sanabwere kuno."

"Bwana, ndinatayipa zomwe zinali pa kapepala kanu."

"Kapepala kake kati?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinaona kuti nawonso ali ndi mantha. "Ndamva kuti ndi wakwanu. Mlonda akuti munacheza m'khonde. Ine ndamuuza kuti munkangomulozera kuchimbudzi. Kodi muli ndi ana angati?"

"Awiri, bwana. Wachitatu ali panjira."

"Ndiye katayipeni. Mphindi zimenezo mtsogoleri ankawerenga makalata. Mukamaliza mundibweretsere tsamba lakale pamodzi ndi kaboni wake."

Wachitatuyo unali iwe, Maliya. Sindikunena izi kuti ndikusenzetse katundu wanga, koma kuti udziwe zomwe zinali m'mutu mwanga nditakhala pa makina paja. Ndinalowetsa pepala latsopano n'kukhala osagunda chilembo kwa nthawi ndithu. Ndinaganiza zokana. Ndinadziwa kuti ndikakana, wina atayipa tsambalo dzuwa lisanalowe, ndipo ine ndikwera galimoto yomweyo. Kenako ndinaganiza za kaboni. Kanali kapepala kopyapyala, kotheka kupinda n'kulowetsa m'sokosi. Ndikanatha kunena kuti ndinakang'amba kale. Kuchokera pa tebulo langa kufika pakhomo la a Mlembi panali khonde lalitali, ndipo ndinayenda khonde lonselo mapepala awiriwo ali m'manja, mtima ukuti bisa limodzi. Koma pa geti ankatisecha potuluka, masiku ena mpaka kutivula nsapato. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinapereka onse awiri. A Mlembi anawang'amba pamodzi ndi kapepala kawo komwe, n'kuyatsa machesi m'chitini cha zinyalala. Mapepala atapsa anandiuza kuti nditsegule mawindo utsi utuluke.

Tchuthi cha Khirisimasi chaka chomwecho

Nditafika kumudzi ndinapeza nkhani itafala kale. Apolisi anapita ku Dambe kukanena kuti a Yohane sanafike n'komwe kulikulu, koma kuti anawaona akuwoloka malire ndi mkazi wina. Dambe ndi kufupi ndi malire, ndiye ambiri anakhulupirira, ndipo amene sanakhulupirire anatseka pakamwa. A Nangozo anawatulutsa m'nyumba ya sukulu. Abale a mwamuna anati mkaziyo ndi wolongolola, ndiye anathawitsa m'bale wawo. Anatenga njinga, mipando ndi mabuku, tirigu uja n'kukolola okha.

Tsiku la msika pa Neno ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Alamu!" Anali a Nangozo, ataonda, Esitere atawagwira chitenje. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Dambe atamva kuti ndabwera. Anandikokera kuseri kwa sitolo.

"Alamu, inu mumagwira ntchito konko. Ndiuzeni zoona, ine sindiuza munthu. Achimwene anu sanafikeko?"

Ndinayang'ana anthu odutsa. Aliyense ankaoneka ngati kazitape.

"Sindinawaone, alamu."

"Eti? Ngakhale kumva chabe?"

"Ayi. Alendo onse amalembedwa m'buku, ndipo bukulo ndimalemba ndine. Dzina lawo mulibe."

Anandiyang'ana, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Basi, ngati mwanena inu, ndiye kuti n'zoona anandithawa." Anandithokoza, n'kumuuza mwana kuti anditsanzike. Za tsamba lija ndimatha kudziuza kuti anandikakamiza. Koma kuseri kwa sitolo kuja a Mlembi kunalibe. Mawu a buku aja palibe anandituma, ndinawonjezera ndekha kuti asandifunsenso.

Zinthu zitasintha

Ulamuliro uja utatha, ambiri a ife anatibalalitsa. Ine ananditumiza ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma, ndipo ndinakhalako mpaka kupuma. Mabuku a chikuto chakuda aja ananditsatira pa lole, atamangidwa ndi zingwe ngati nkhuni. Popeza ndinkawadziwa, bwana wa kumeneko, mayi wina wakhama amene ankagula yekha mankhwala a makoswe, anandipatsa ine kuti ndiwasamale. Kumeneko ndinabwerera ku umphawi wa ku Neno. Makatoni tinkachita kupempha m'masitolo. Mashelefu atatha tinasanja njerwa ndi matabwa. Chaka china chiswe chinalowera pansi pa khoma n'kudya mafayilo a mzere wonse, ndipo ine ndi mnzanga mmodzi tinatha sabata tikutulutsa mabuku a mtsogoleri kukawayanika padzuwa, tsamba ndi tsamba. Buku la chaka chija ndinalipulumutsa ndi manja angawa. Chiswe chinadya m'mphepete mokha, tsamba langa labodza silinakhudzidwe.

Kunkabwera ophunzira a m'makoleji ndi ofufuza ochokera kunja. Ndinkawanyamulira mabukuwo n'kuwaikira pa tebulo. Mtsikana wina amene ankalemba za nthawi imeneyo anandiuza akumwetulira kuti, "Bambo, mabuku awa ndi odalirika. Palibe mphindi yosowa." Ndinavomera. Kunkabweranso amayi ndi ana ofuna mayina a abale awo amene anatengedwa osabwerera, ndipo ena tinkawapezera. Ine mwakachetechete ndinafufuza a Yohane m'makaundula onse a ndende omwe anafika kwa ife. Sindinawapeze. Zikuoneka kuti wotayipa kawiri sindinali ndekha.

Mudzafunsa chifukwa chomwe sindinalankhule nthawi imeneyo, poti panalibenso wondimanga. A Mlembi anali atamwalira, n'kuikidwa ndi nyimbo ndi malipenga. Yankho lake ndi manyazi. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa, ndipo chaka chilichonse chinkawonjezera kulemera kwa zomwe ndikananena. Ngakhale mayi anu anapita osadziwa. Nditapuma n'kubwerera kuno ku Neno, Dambe ndinkaizemba. Maliro a kumeneko ndinkatumiza chipepeso, osapita.

Chaka chatha

Tsiku lina ndili pa mzere kuchipatala cha pa boma kudikira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, pafupi nane panakhala gogo wina wa maso oyera ndi ng'ala, atatsogozedwa ndi mayi wamkulu ndithu. Namwino ataitana dzina langa, gogoyo anatembenuka.

"Kodi ndi alamu a Sitefano?"

Anali a Nangozo. Anandipapasa dzanja, akuseka, nafunsa za mayi anu ndi za inu nonse. Kenako anati kwa mwana wawo, "Esitere, awa anali anzawo a bambo ako, aja anatithawa." Ananena mopepuka, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Esitere anati, "Amayi, munthu ameneyo musamamutchule," n'kundipatsa moni mwaulemu.

Ndinatha masiku anayi chakudya chisakulowa. Lachisanu ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Dambe. Ndinawapeza a Nangozo pakhonde akusankha nyemba ndi zala, Esitere akuchapa pambali. Ndinakana mpando, ndinakhala pansi. Ndinanena zonse monga ndalembera pano, benchi, mphindi khumi ndi ziwiri, apolisi awiri, machesi, mpaka bodza la kuseri kwa sitolo. Pomwe ndinkamaliza, manja a a Nangozo anali ataima m'lichero.

"Anavala chiyani?" anafunsa.

"Jekete yakuda, ndi chipewa."

"Ndinasita ndine jekete imeneyo." Kenako anafunsa, "Ananena za ine?"

"Anati anakuuzani kuti Loweruka ali pakhomo."

"Anatero, inde."

Esitere anali ataimirira, thovu la sopo likudontha m'manja. "Pepala lake lilipo?"

"Palibe, mayi. Linapsa."

"Ndiye mwakwera phiri lonseli ndi pakamwa pokha? Ine ndakula ndikutukwana bambo anga. Kusukulu ndinakana dzina lawo, ndinalembetsa la amalume. Amayi awa anthu ankawaloza kuti ndi mkazi wothawitsa mwamuna. Inu mukumwa tiyi kutauni, mukudziwa!"

 A Nangozo anamuletsa ndi dzanja.

"Alamu, zoti ndikukhululukireni tisakambe lero, sindikudziwa ngati ndingathe. Koma mawu amenewa asathere pakhonde pano. Munandinamiza ndili ndekha, koma manyazi ndinawasenza pagulu. Lamulungu mubwere kutchalitchi. Achimwene awo a malemu alipo amodzi otsala. Mukanene iwo akumva."

Aka kanali koyamba kuwatchula amuna awo kuti malemu.

Lamulungu ndinapita. Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo anauza anthu kuti asatuluke, pali mlendo ali ndi mawu. Ndinaimirira kutsogolo n'kunena dzina langa, ntchito yomwe ndinkagwira ndi zomwe ndinachita. Ambiri m'tchalitchimo anabadwa a Yohane atasowa kale, koma nkhalamba zinkadziwa. Achimwene awo aja, omwe anatenga njinga, anaphimba nkhope ndi chipewa. Nditamaliza ndinakhala pansi. Kenako kumbali ya amayi kunamveka mawu amodzi, opyapyala, a munthu wokalamba. A Nangozo anali atayamba kulira maliro. Amayi ena anawalandira, ndipo kulirako kunatuluka nawo panja mpaka kunyumba.

Anakhala maliro masiku awiri, opanda bokosi, opanda manda, chifukwa mpaka lero palibe akudziwa komwe a Yohane anagona. Ine ndinakhala ndi abambo pansi pa mtengo. Palibe anandithamangitsa, palibenso anandilankhula kupatula moni. Nditabwerako ndinalembera kalata ku nyumba yosungira zolemba ija kupempha kuti tsamba lija likonzedwe. Anandiyankha mwaulemu kuti cholembedwa cha boma sichisinthidwa, koma umboni wanga akhoza kuusunga pambali. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba mutu uno. Maliya, ukautayipe bwino pa kompyuta, kope limodzi lipite kumeneko, lina ku Dambe, lina mukhale nalo inu.

Tsiku lachiwiri la maliro, anthu akubalalika, Esitere anabwera pamtengo paja ndi kope la sukulu ndi bolopeni. Sanakhale pansi. Anati abale agwirizana zoika mtanda pafupi ndi manda a makolo, ndipo akufuna choti alembepo.

"Linali tsiku lanji?"

Ndinamuuza tsiku, mwezi ndi chaka. Sindinachite kuganiza.

"Analowa nthawi yanji? Anatuluka nthawi yanji? Apolisi angati?"

Ndinayankha, iye akulemba, ataliyedzeka kopelo pa mkono. Atamaliza anawerenga mokweza kuti abambo onse amve, n'kufunsa ngati pali cholakwika. Ndinati palibe. Pamwamba pa tsambalo anali atalemba dzina lake, ndipo kutsogolo kwa dzina loti Esitere anaika dzina la bambo ake. Anandipatsa bolopeni n'kuloza pansi.

"Sayinani apa."

Ndinasayina.